Kodi faiba imanyamula bwanji uthenga?

Mlimi wina wa tiyi ku Thyolo anandifunsa kuti chingwe cha faiba chimathamangitsa bwanji intaneti pomwe simudutsa magetsi. Inenso poyamba zinkandizunguza mutu.

M'kati mwake muli kaulusi kagalasi, kowonda ngati tsitsi. Kompyuta imasandutsa mawu kapena chithunzi kukhala manambala, ndipo kuwala kwa laser kumawatumiza pothwanima kambirimbiri pa sekondi. Kuwalako kumanjanja m'kaulusimo osatulukira kunja, mpaka kumapeto komwe makina amakusandutsanso manambala. Motero mtengo wa tiyi pa okushoni ya ku Limbe ungafike ku London mosakhalitsa.

ESCOM inadutsitsa faiba m'mwamba mwa nthambo zake zamagetsi, ndipo chingwe cha SEACOM chadutsa pansi pa nyanja yamchere kuyambira 2009. Mphezi sisokoneza kuwalako, koma khasu likadula chingwe chokwiriridwa pansi, amisiri amachita kuwotcherera galasilo ndi makina apadera.