Kukwera ndege kuli ngati kukwera phiri la Mulanje

Amene anakwerapo phiri la Mulanje kudzera ku Fort Lister, m'boma la Phalombe, akudziwa momwe munthu amapumira mwawefuwefu akamayandikira pamwamba. Si kutopa kokha ayi. Kumtunda mpweya umapepuka, ndipo okosijeni wolowa m'magazi amachepa. Vuto lomweli ndi limene akatswiri opanga ndege za maulendo ataliatali akhala akulimbana nalo.

Ndege zoterezi zimauluka pa mamita 11,000 kapena 12,000 m'mwamba, pafupifupi kanayi kutalika kwa nsonga ya Sapitwa, yomwe ndi mamita 3,002. Kumeneko munthu angakomoke m'kanthawi kochepa, choncho mkati mwa ndege amapoperamo mpweya ngati m'tayala.

Koma kupopa kuli ndi malire. Ndege zakale ndi za aluminiyamu, chitsulo chomwe chimafooka chikamafufuma ndi kuphwa ulendo uliwonse. Mu 1954 ndege ziwiri za Comet zinasweka zili m'mwamba pa chifukwa chimenechi, ina ikupita ku Johannesburg. Pofuna kuteteza chitsulocho, ndege zambiri amazipopa pang'ono, moti mpweya wa mkati umafanana ndi wa paphiri la mamita 2,400.

Boeing 787, yomwe inayamba kunyamula anthu mu 2011, inasintha zimenezi. Theka la kulemera kwake ndi ulusi wa kaboni womatidwa ndi pulasitiki. Ulusiwu ndi wopepuka, sufooka msanga ndipo suchita dzimbiri. Akatswiri anatha kupopa mpweya wochuluka, n'kutsitsa "phiri" lija kufika pa mamita 1,800, komanso anawonjezera chinyezi kuti kukhosi kusamaume kwambiri. Airbus A350 inatsata njira yomweyo. Kampani ya Ethiopian Airlines, yomwe ndege zake zimatera ku Chileka ndi ku Lilongwe, inali yoyamba mu Africa kulandira 787 mu 2012.

Komabe mamita 1,800 ndi phiri ndithu. Kwa munthu wathanzi palibe vuto, koma wodwala amene watumizidwa ku India amakhala "paphiripo" maola ambiri.

N'chifukwa chake mwana wa matenda a siko selo, munthu wochepa magazi kwambiri, ndi wodwala mtima kapena mapapo ayenera kuonana ndi dokotala asanagule tikiti. Wodwala TB yopatsirana asakwere mpaka achipatala atamuloleza. Makampani ambiri salola amayi oyembekezera kukwera mimba ikapitirira masabata 36.

Ulendo ukaposa maola anayi, kukhala malo amodzi kungaundanitse magazi m'mitsempha ya m'miyendo. Muziimirira, muziyendako pang'ono, ndipo muzimwa madzi. Mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka mutatsika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati muli ndi khanda, liyamwitseni ndege ikamatsika, chifukwa kumeza kumatsegula makutu ndipo ululu umachepa.