ZITHUNZI ZOYENDA ZA KU JAPAN

Anzanga, kwa ife a ku Dedza zojambula si zachilendo ayi. M'mapanga a ku Chongoni, monga Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi, muli zithunzi pamiyala. Zofiira anajambula Akafula kalekale. Zoyera anajambula makolo athu Acheŵa pophunzitsa za chinamwali ndi za gule. Malo otere alipo 127, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Taonani tsono: ojambula atasintha, utoto ndi kajambulidwe zinasinthanso.

Masiku ano ana athu amaonera zithunzi zina pa wailesi yakanema, pa foni ndi m'nyumba zoonetsera vidiyo. Amazitcha makatuni. Makatuni ena, anthu ake ali ndi maso aakulu zedi ndi tsitsi losongoka. Ameneŵa amachokera ku Japan, ndipo kumeneko amati anime. Kodi kajambulidwe kotere kanayamba bwanji?

CHITHUNZI CHIMAYENDA BWANJI?

Kunena zoona, chithunzi sichiyenda. Diso lathu ndilo limapusitsidwa. Wojambula amajambula zithunzi zambiri zosiyana pang'onopang'ono. Akazionetsa mothamanga, munthu wojambulidwayo amaoneka ngati akuyenda. Kanema amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Tangoganizani kukula kwa ntchito yojambula zonsezo pamanja!

CHIYAMBI CHAKE

Ku Japan makatuni oyamba kuonetsedwa kwa anthu anatuluka mu 1917. Anali aafupi ndiponso opanda mawu. M'zaka za m'ma 1930 kunalinso anthu oyenda panjinga ndi kabokosi ka zithunzi. Iwo ankaima m'mbali mwa msewu, kugulitsa maswiti, nkumakambira ana nthano uku akusintha zithunzi chimodzichimodzi. Motero ana a kumeneko anazoloŵera kumva nthano yonse pa chithunzi choima.

Nkhondo yaikulu itatha mu 1945, dziko la Japan linali losauka. Koma pofika 1958 kampani ya Toei inatulutsa Hakujaden, katuni wamtali woyamba wamakaka m'dzikomo.

NZERU ZA BAMBO TEZUKA

Munthu amene anasintha zinthu kwambiri ndi Osamu Tezuka, wobadwa mu 1928. Iye anaphunzira udokotala, koma mtima wake unali pa kujambula. Ankakonda makatuni a Walt Disney a ku America, makamaka Bambi, ndipo maso aakulu aja anatengerako kumeneko. Anaona kuti m'maso ndimo mumaonekera mantha, chisoni ndi chimwemwe.

Mu 1963 Tezuka anayamba kuonetsa Astro Boy pa wailesi yakanema. Ankayenera kutulutsa gawo latsopano mlungu uliwonse, koma ndalama ndi antchito zinali zochepa. Nanga akanatani? Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Iye anagwiritsa ntchito zimene anali nazo:

1. Ankajambula zithunzi 8 zokha pa sekondi, mwinanso kucheperapo.
2. Munthu akamalankhula, ankayendetsa pakamwa pokha, thupi lili chiimire.
3. Zithunzi zakale ankazisunga nkuzigwiritsanso ntchito m'magawo ena.

Popeza zithunzi sizinkayenda kwambiri, mphamvu anaiika pa nkhani yokoma ndi pa nkhope. Makampani ena anatengera njira yomweyi. Choncho chimene chinayamba chifukwa cha kusoŵa chinasanduka chizindikiro cha makatuni a ku Japan. Komabe panali vuto: malipiro a ojambula anali ochepa, ndipo ambiri akudandaulabe mpaka lero.

MMENE ZINAPITIRA PATSOGOLO

Pambuyo pake kajambulidwe kanagaŵikana. Kwina anakonda nkhani za ndeu ndi mphamvu, monga Dragon Ball wa mu 1986 ndi Naruto wa mu 2002. Kwina anakonda zithunzi zofatsa za minda, mitengo ndi mitambo. Aŵa ndi a Hayao Miyazaki ndi a Isao Takahata, amene anayambitsa Studio Ghibli mu 1985. Kanema wa a Miyazaki wotchedwa Spirited Away analandira mphotho ya Oscar mu 2003. Kale ankapaka utoto pamanja pa mapepala apulasitiki oonekera, koma lero amapaka pa kompyuta.

PHUNZIRO KWA IFE MAKOLO

Tisaganize kuti katuni aliyense ngwa ana. Ku Japan amapanganso makatuni a akuluakulu. Ena muli chiwawa ndi zolaula. Ena ndi achisoni, monga Grave of the Fireflies wa mu 1988, wonena za mnyamata ndi mlongo wake amene anafa ndi njala nthaŵi ya nkhondo. Tsono inu bambo, inu mayi, khalani pansi muonere limodzi ndi ana anu, nkuwafunsa zimene atolapo.

Ndipo mwana akamajambulajambula pansi kapena papepala, musamukalipire. Kujambula ndi luso, ndipo ena amadyera momwemo.

YESANI IZI

Tengani kope lakale. Pangodya ya tsamba lililonse jambulani mpira, koma muzisunthako pang'ono. Mukatha masamba khumi, atseguleni mwamsanga ndi chala chachikulu. Mpira uja udumpha!

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi kanema amaonetsa zithunzi zingati pa sekondi imodzi?
2. Tchulani njira ziŵiri zimene Tezuka anapulumutsira ndalama.
3. Ndi nthano iti ya kwathu kuno imene mungakonde kuiona pa katuni? Ilembeni mwachidule.