Dzina la dziko lathu

Mwana aliyense ali ndi dzina. Mudzi uli ndi dzina. Dziko lathu nalonso lili ndi dzina. Dzina lake ndi Moçambique.

Dzina limayenda. Limafika kutali kumene ife sitinapondeko. Anthu akutali akalimva, amakumbukira zimene anamva za dzikolo. Imeneyi ndiyo mbiri. Mbiri ikakhala yabwino, alendo amabwera ndipo amagula zinthu zathu. Ikaipa, amaopa kubwera.

Kale mbiri ya dziko lathu inali ya nkhondo. Anthu ambiri a ku Tete anasiya minda yawo, nathawira ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Masukulu anatsekedwa. Anthu akunja akamva kuti Moçambique, ankaganiza za mfuti ndi njala basi.

Pa 4 Okutobala 1992, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anagwirizana za mtendere mumzinda wa Roma. Anthu anabwerera kwawo. M'caka ca 1994 anasankha okha atsogoleri awo.

Koma m'nthaka munatsala mabomba okwirira. Ena anali m'njira, ena m'minda, ena pafupi ndi damu la Cahora Bassa. Mayi wopita kukatola nkhuni ankayenda ndi mantha. Kodi mlendo angabwere kumalo otere?

Amuna ndi akazi anayamba kuzula mabombawo, limodzilimodzi. Ankagwada padzuwa, kufufuza nthaka pang'onopang'ono. Inali nchito yoopsa, ndipo inatenga zaka zoposa 20.

Ana inu, mumamudziwa bwampini? Ndi khoswe wamkulu uja wa masaya ngati matumba. Nayenso anathandiza! Bungwe la APOPO linaphunzitsa abwampini kununkhiza mabomba. Bwampini ndi wopepuka, conco akaponda bomba siliphulika. Akamva fungo lake amapalasa pansi. Pamenepo amapatsidwa nthoci, ndipo anthu amabwera kudzacotsa bombalo. Kumudzi timamuona ngati wakuba wa m'munda, koma apa anagwira nchito ndithu.

M'caka ca 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba ayeretsedwa. Nkhaniyi inamveka m'maiko ambiri.

Pali mtsikana wina amene ananyamula dzina lathu ndi miyendo yake. Ndi Lurdes Mutola wa ku Maputo. Ali wamng'ono ankasewera mpira ndi anyamata. Wolemba ndakatulo José Craveirinha anaona liwiro lake, namulimbikitsa kuti ayambe mpikisano wothamanga. M'caka ca 2000, pa masewera a Olimpiki ku Sydney, m'dziko la Australia, anathamanga mamita 800. Kumeneko ndi kuzungulira bwalo kawiri. Anafika woyamba. Inali mendulo yoyamba ya golide ya Moçambique pa masewerawo. Mbendera yathu inakwezedwa, anthu a maiko onse akuona.

Ngakhale magule athu amanyamula dzina. M'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza timbila za Acopi a ku Inhambane. Linalemekezanso Gule Wamkulu, amene timavina kuno pamodzi ndi abale athu a ku Malawi ndi ku Zambia.

Makolo, ana tisawabisire. Mbiri imamangidwa pang'onopang'ono, koma siicedwa kugwa. M'caka ca 2017 nkhondo ina inabuka ku Cabo Delgado. Mabanja ambiri anathawa m'midzi yawo, ndipo anthu akunja anayambanso kumva dzina lathu pamodzi ndi mawu a mfuti.

Madzulo ano, ana inu, khalani pafupi ndi agogo. Afunseni kuti: "Agogo, m'caka ca 1992 munali kuti? Munabwerera bwanji kumudzi?" Mawa mudzatiuze m'kalasi zimene anakuuzani.