Mmene Mtengo wa Zithunzi za Nyama Umaikidwira ku Mfuwe

Alendo ambiri opita ku paki ya South Luangwa amatsikira pa bwalo la ndeke la Mfuwe m'boma la Mambwe, ndipo pobwerera ena amafuna kugula cithunzi ca nyalugwe kapena nyamalikiti. Kwa wojambula amene akonza cionetsero, funso lalikulu ndi la mtengo.

Coyamba amawerengera zimene waononga: pepala lapadera, inki, felemu ndi galasi. Zambiri mwa izi zimacokera ku Lusaka kapena kunja kwa dziko, motero kwaca ikagwa mphamvu mtengo wake umakwera. Pamwamba pake pali ndalama zolowera m'paki ndi mafuta a galimoto, pakuti nyalugwe sapezeka tsiku lililonse. Mwini nyumba ya cionetsero nayenso amatenga gawo lake, limene m'malo ena limafika theka. Wojambula akaiwala gawo limeneli, angagulitse zithunzi zonse koma n'kubwerera kunyumba cimanjamanja.

Ciwerengero naco cili ndi mphamvu. Cithunzi cosindikizidwa makope 10 okha, lililonse lokhala ndi nambala ndi siginecala ya mwini wake, cimadula kuposa cosindikizidwa mopanda malire. Koma akalonjeza 10 sayenera kusindikiza la 11, cifukwa ogula oyamba adzaona kuti ananyengedwa.

Ku Mfuwe kuli vuto linanso. Ndeke zopita ku Lusaka n'zazing'ono ndipo katundu ali ndi malire, cotero cithunzi cacikulu ca galasi cimabvuta kunyamula. N'cifukwa cake kuli bwino kuika mitengo iwiri: wa cithunzi ca m'felemu, ndi wotsikirapo wa cithunzi cokulungidwa m'cubu.