Ngolo yonyamulira boti imayamba kuonongeka m'mawilo

Mvula ikakhazikika m'chigwa cha Luangwa, makamaka kuyambira Januwale kufikira Malichi, mtsinje umadzaza ndipo misewu yambiri ya m'boma la Mambwe imasanduka matope. Nthawi imeneyi ku Mfuwe amadalira maboti, ngakhale potengera alendo odzaona nyama m'nkhalango ya South Luangwa. Boti la injini lochokera ku Chipata limafika kumeneko litakwezedwa pa ngolo yokokedwa ndi galimoto, ulendo wa makilomita oposa 100.

Eni ake ambiri amasamala injini ya boti ndi kuiwala ngoloyo, chonsecho ndiyo imene imawasiya panjira.

Vuto lalikulu limabisala pakati pa wilo, pamene pali mabering'i. Paulendo wautali malowa amatentha. Ngolo ikangofika ndi kulowetsedwa m'madzi ozizira potsitsa boti, mpweya wa m'kati umazizira mwadzidzidzi ndipo madzi amakokedwera m'kati kudzera m'mphepete mwa labala yotsekera. Madzi a Luangwa m'dzinja amakhala ndi matope ndi mchenga. Zimenezi zikasakanikirana ndi girizi, zimayamba kupala chitsulo, ndipo ngolo ikakhala miyezi yachilimwe osayenda, dzimbiri limamaliza ntchito. Mabering'i otere amagwirana kapena kusweka paliwiro, mwinanso wilo kuchokeratu.

N'chifukwa chake ndi bwino kudikira kuti mawilo azizire ngolo isanalowe m'madzi. Woyendetsa aziima panjira ndi kuyandikiza dzanja pakati pa wilo lililonse. Limene latentha kuposa linzake lili ndi vuto. Kamodzi pachaka, makamaka mvula ikatha, mawilo amasulidwe, mabering'i atsukidwe, apakidwe girizi wosalowa madzi ndipo malabala otsekera asinthidwe. Girizi amene wayera ngati mkaka ndi umboni wakuti madzi analowa kale.

Matayala a ngolo kawirikawiri satha ndi msewu. Amang'ambika m'mbali chifukwa chokhala padzuwa, mapala ake akadali atsopano, choncho ngolo iziimikidwa pamthunzi. Waya wa nyali achotsedwe ku galimoto ngolo isanamire, ndipo ikatuluka itsukidwe matope onse, makamaka m'masipuling'i.

Pamsewu, ngolo iyenera kukhala ndi nyali zoyaka ndiponso mapepala ake monga galimoto. Izi amayang'anira ndi a bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zapamsewu la m'chaka cha 2002.