Basi ya ku Kafue imalankhula, makina olipirira nawonso alankhule

Munthu wa ku Nangongwe safunika maso kuti adziwe minibasi imene ikupita ku Lusaka. Imadzilengeza yokha. Hutala ikulira, kondakita akumenya chitseko ndi dzanja, ngwangwazi zikukuwa kuti "Tauni! Tauni! Mmodzi chabe!" Ambiri timati ndi phokoso. Kwa m'bale wathu wosaona, phokoso limeneli ndilo chikwangwani chake.

Ngakhale njira amaiwerenga ndi khutu ndi thupi. Basi ikachepetsa liwiro n'kuima pang'ono popanda wotsika, ndiye kuti tafika pa tolo geti ya Shimabala. Kondakita akafunsa ngati alipo a Chilanga, ulendo wapita patali. Pa makilomita opitirira 40 amenewa palibe tikiti ya pepala. Ndalama imayenda m'manja kuchokera ku mpando wakumbuyo, ndipo zonse zimatheka ndi pakamwa: mwapereka zingati, muli angati, chenji yanu iyi.

Si kuti zonse zili bwino, ayi. Ndalama za mapepala za Bank of Zambia zili ndi zizindikiro zomveka ndi chala, koma pepala likazungulira pa msika n'kufewa ngati nsanza, chala chimavutika. Apo wosaona amadalira chilungamo cha kondakita, kapena mayi amene wakhala naye pafupi kuti amuuze ngati chenji yakwana.

Manje kwabwera foni. Kondakita akati alibe chenji, wina amangoti "nikutumileni pa foni," nkhani yatha. Koma taganizani wosaona amene ali ndi kafoni ka mabatani. Mndandanda wa Airtel Money kapena MTN MoMo umabwera m'malemba, ndipo ukachedwa kusankha umatseka wokha, uyambirenso. Mafoni a Android ali ndi TalkBack imene imawerenga mokweza zimene zili pa sikirini, koma mu basi yodzaza, nyimbo zili pamwamba, angamve chiyani? Ndipo ndani angafune kuti anthu onse amve ndalama zimene zatsala mu akaunti yake? Mapeto ake munthu amapereka foni kwa mlendo ndi kumuuza PIN. Pamenepo ndi pamene pali ngozi yeniyeni.

Mizinda ina inaliganizira vutoli. Ku London, ukagunditsa khadi pa makina achikasu a mu basi, kulira kamodzi kumatanthauza kuti walipira, kulira kawiri ndiye kuti khadi yakanidwa, ndipo basi imatchula yokha dzina la siteshoni yotsatira. Ku India ogulitsa m'misika ali ndi kabokosi ka Paytm kamene kamanena mokweza ndalama imene yalowa, m'chilankhulo cha kumaloko. Anakapangira wamalonda wotanganidwa kuti asamayang'ane foni kawirikawiri, koma wosaona amene walipira nayenso amamva ndi makutu ake kuti zapita zingati. Kufupi kuno, mabasi a ku Kigali amalipiritsa ndi khadi ya Tap&Go.

Tsiku limene makadi kapena makina otere adzafike pa msewu wa Kafue, kakulira kamodzi kofanana pa chilichonse sikadzakwanira. Phokoso la "zatheka" lisiyane kwambiri ndi la "zakanika", ndipo limveke pamwamba pa injini ya Hiace kapena Rosa. Makinawo atchule mtengo umene achotsa, m'Chinyanja, m'Chitonga ndi m'Chizungu, pakuti Kafue ndi wa onse amenewa. Zachinsinsi, monga ndalama zotsala, zipite ku foni ya mwini wake, azimvere pa khutu. Makina akhalenso pa malo amodzimodzi mu basi iliyonse kuti dzanja liwapeze mosafufuza.

Izi si zopempha ngati chifundo. Lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012 limanena za ufulu wa anthu olumala wofikira mayendedwe ndi uthenga ngati wina aliyense, ndipo bungwe la ZAPD lilipo kuti lizilondola zimenezi. A khonsolo ya Kafue, a RTSA ndi eni mabasi, musanagule makina alionse itanani a Zambia National Federation of the Blind adzawayese. Ndipo kuyesako kusachitikire mu ofesi ya zii. Kuchitikire pa siteshoni m'mawa, nthawi imene anthu akuthamangira ku nchito, basi itadzaza ndipo wailesi ya dalaivala ili pa voliyumu yake ya masiku onse.