Banja likatha: lendi kaye, kapena kuthamangira njerwa?

Tsiku lomwe ndidatuluka m'nyumba yomwe ndidakhalamo zaka 7 ku Area 49, katundu wanga yense adakwana m'kagalimoto kamodzi ka hayala: matiresi, sutikesi, mbaula, makatoni awiri a mabuku ndi kompyuta yakale yomwe ndimalembera nkhani zinozi. Titayandikira pa Area 18 dalaivala adatembenuka n'kufunsa: "Nanga tikhotere kuti, bwana?" Ndidakhala chete, pakuti kunena zoona ineyo sindinkadziwa. Umu mudali mu 2023, banja langa litangotha.

Sindidabwere pano kudzanena amene adalakwa. Za m'banja zidathera kwa ankhoswe ndi kukhoti, ndipo mayi a mwana wanga timapatsana moni mpaka lero. Poloti idali yawo, adapatsidwa ndi bambo awo, ndipo mapepala onse adali m'dzina lawo. Ine ndidaikapo simenti, malata ndi thukuta. Tidagwirizana kuti nyumba itsale ndi iwo pamodzi ndi mwana, ine n'kubwezeredwa kangachepe. Kangachepeko ndiko kadabweretsa funso lomwe ndikufuna tikambirane lero, awerengi: munthu ukatsala wekha mumzinda muno, uchite lendi kapena uthamangire kumanga yako?

Amalume anga sadachedwe kuyankha. "Mphwanga, mwamuna wa lendi ndi mwana. Ndalama imeneyo ugule malo sabata ino, uumbe njerwa. Anthu asakuseke kawiri." Mawu akuti "asakuseke" ndiwo adandilasa. Ndidazindikira kuti ambiri a ife banja likatha sitimangira kusowa pogona ayi, timamangira manyazi. Tikufuna kuonetsa apongozi akale kuti sitidagwe. Tsono manyazi ndi mmisiri woipa zedi.

Tisanapite patali, tiyeni tiuone kaye mzinda wathuwu momwe adaumangira, chifukwa vuto lina lagona pamenepo. Boma la Kamuzu Banda litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, mu 1968 lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation, ndipo ngongole ndi akatswiri ojambula mapulani zidachokera ku South Africa. Lilongwe idakhala likulu mu 1975. Ojambulawo ankafuna mzinda wa mitengo ndi mabwalo, wotayana. N'chifukwa chake pakati pa Old Town ndi City Centre pali nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi, ndipo manambala a ma Area sayenda motsatana: Area 10 yagundana ndi Area 43. Kumayadi monga Area 3, 9, 10, 12 ndi 43 adadula mapoloti aakuluakulu, nyumba ya bwana kutsogolo, kanyumba ka wantchito kuseri. Ku Area 18 kudamangidwa nyumba za Malawi Housing Corporation, bungwe lomwe lidayamba mu 1964, ndipo ku Kawale ndi ku Area 25 anthu ankapatsidwa mapoloti kuti adzimangire okha.

Mapulani onsewa ankaona munthu mmodzi: wantchito wa boma, wokwatira, wa ana, ndipo ngati ali kumayadi, wa galimoto. Munthu wa yekha wofuna chipinda chimodzi, pabalaza ndi bafa, pafupi ndi ntchito, sadamuwerengere kwenikweni. City Centre adaimangira maofesi. Ikakwana 6 koloko madzulo kumangotsala alonda. Moyo uli ku Old Town, kumsika, kudepoti ndi mumsewu wa Malangalanga, koma kumeneko nyumba zogona zabwino n'zowerengeka. Chonsecho anthu achuluka. Kalembera wa 1977 adapeza anthu osakwana 100,000 mumzinda muno. Wa 2018 adapeza pafupifupi 990,000.

Ndiye wotha banja ngati ine amathera kuti? Kuseri kwa nyumba ya bwana, m'kanyumba kaja timati boizi kota. Ine ndidapeza kanga ku Area 12, nditalipira kale maejenti awiri ndalama "yokaonera" nyumba zomwe zidapezeka kuti muli kale anthu. Alandilodi, mayi achikulire opuma pantchito, adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Amayi ali kuti, bambo?"

"Tidasiyana, amayi."

"Ooh. Tsono kuno sitifuna alendo osinthasintha. Geti timatseka 9 koloko. Lendi ndi ya miyezi itatu, kulipiriratu."

Ndidameza malovu n'kuvomera. Mchemwali wanga wina yemwe banja lake lidathanso akuti kwa amayi mafunso amaposa apa. Ena amamufunsa amene azidzalipira lendi, ngati kuti mayi sagwira ntchito, ndipo ena amangokana poopa kuti "awasokonezera" bambo a pakhomopo. Izi n'zochititsa manyazi, ndipo eni nyumba adzifunse.

Zowawa za lendi tonse timazidziwa. Mwezi ukatha ndalama yapita ndipo sudzaionanso. Sungabzale mtengo wa mango n'kuyembekeza kudzadya zipatso zake. Magetsi a mita imodzi amadanitsa anthu. Kalata yokweza lendi imabwera osagogoda, makamaka kumayadi komwe eni nyumba ena amawerengera mitengo yawo ku dola poti adazolowera alendi a ku maofesi a akazembe ndi mabungwe akunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ine kalata yanga idandipeza chaka chisanathe.

Koma lendi ili ndi ubwino womwe amalume sadaunene. Kuchoka ku Area 12 ndimafika ku City Centre wapansi, komwe kuli maofesi omwe amandipatsa timaganyu tolemba. Ya minibasi ndimasunga. Denga likadontha si mutu wanga. Ndipo chachikulu n'chakuti munthu amene banja langotha sadziwa kuti chaka chamawa adzakhala ndani. Mwina ntchito idzamuitanira ku Blantyre kapena ku Mzuzu. Mwina adzakwatiranso. Mwina mwana adzafuna kudzakhala naye. Lendi imakulola kunyamuka ndi notisi ya mwezi umodzi, pamene maziko a nyumba sanyamulika.

Nanga kumanga? Apa mpofunika kulankhula chilungamo. Malo ovomerezeka mumzinda muno ali makamaka m'manja mwa eni atatu: Unduna wa za Malo, khonsolo ya mzinda ndi Malawi Housing Corporation. Ofuna malo ndi ambiri kuposa malowo, ndipo kudikira kwake n'kwa zaka. Kumayadi, mtengo wa poloti yopanda kanthu munthu wamba sangautchule osaseka. Dziwaninso kuti ngakhale bwana wa mpanda wautali ku Area 10 nthawi zambiri malowo ali nawo pa lizi ya zaka 99: amalipira msonkho wa malo kuboma, amalipiranso msonkho wa nyumba kukhonsolo, ndipo lizi imafuna kuti umange m'nthawi yoikika, apo ayi malo atha kulandidwa. Kukhala ndi yako sikutanthauza kuti kulipira kwatha.

Ngongole ya nyumba nayo ili ndi eni ake. Makolo athu ena adagula nyumba kudzera ku New Building Society, yomwe idayamba mu 1964 ndi cholinga chomwechi, koma mu 2004 idasanduka banki ya malonda, NBS Bank. Mabanki amafuna zinthu ziwiri: chikalata cha umwini wa malo ndi umboni wa malipiro a mwezi ndi mwezi. Ine sukulu ya ku yunivesite ndidaisiyira panjira, digiri ndilibe, ndipo ndalama zanga zimabwera ngati mvula ya masiku ano: mwezi uno yambiri, mwezi wamawa ng'amba. Ngakhale akadandipatsa, mu 2024 Reserve Bank idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amaikapo chawo pamwamba. Pa chiwongoladzanja chotere, zaka 4 zisanathe chiwongoladzanja chokha chafanana ndi ngongole yomwe udatenga. M'banja mumagawana mtolowu anthu awiri. Ukakhala wekha, ukangodwala miyezi itatu nyumba yapita.

Ndiye ambiri timathamangira kunja kwa mzinda, kukagula malo kwa mfumu kapena kwa munthu wongoti "ndi munda wa agogo". Ena zimawayendera. Ena amapeza kuti poloti yomweyo idagulitsidwa kwa anthu atatu, ena kuti ndi malo a msewu kapena a m'dambo. Amene adaona madzi a mu Lingadzi akulowa m'nyumba za ku Mtandire mu February 2017 safunika kuuzidwa kuti malo otchipa a m'mbali mwa mtsinje mtengo wake weniweni umabwera ndi mvula. Safunsa adadya phula.

Mnzanga wina, yemwe banja lake lidatha chaka chimodzi langa lisanathe, adamvera malangizo onga a amalume. Adagula malo mwaphuma, n'kuyamba nyumba ya zipinda zinayi yoti akale aja akaiona adzaluma chala. Ndalama zidathera pa mawindo. Lero amalipira lendi m'tauni, amalipira mlonda wolondera zipupa, ndipo dzinja lililonse mvula imadya njerwa zake. Ali pawiri, ndipo paliponse sipakuuzirika.

Musaganize kuti ine ndidachenjera kuposa iye. Ndalama yanga ija ndidaisiya kubanki ndikuti ndiganize kaye bwino. Ndikuganiza choncho, Kwacha idagwa, ndipo matumba a simenti omwe ndalamayo ikadagula mu October adachepa kwambiri pofika Khirisimasi. Ndidalira ndithu. Kwacha idali itagwetsedwa kale ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiye sindinganene kuti sindidachenjezedwe. Phunziro lake n'lakuti kuno kwathu kuthamanga kumapweteka, komanso kukhalira ndalama kumapweteka.

Tsono nditani? Maganizo anga, omwe ndafika nawo nditapsa mbali zonse, ndi awa. Funso si lakuti lendi kapena yako. Ziwirizi zimagwira ntchito zosiyana: lendi ndi ya lero, malo ndi a mawa. Wotha banja achite lendi mopanda manyazi, pafupi ndi pomwe amapezera ndalama, m'nyumba yomwe angathe kulipira yekha ngakhale mwezi woipa. Pangano la lendi lilembedwe, ndipo malisiti asungidwe. Ngati pali kangachepe, asakakhalire, koma agule malo okhawo omwe wafufuza yekha ku ofesi ya za malo kapena kukhonsolo, waona mapepala ake, wafunsa oyandikana nawo, ndipo wapitako nthawi ya mvula. Pomanga ayambe ndi kanyumba komwe angathe kufoleratu, osati chinyumba chodzionetsera.

Chinthu chinanso, chomwe ndikadachidziwa kale bwenzi nkhani ino ili ina: dzina la papepala. Kumudzi kwathu, m'chikamwini, nkhani idali yodziwika. Mwamuna ankamanga kwawo kwa mkazi, ndipo banja likatha ankanyamula bulangete lake n'kumapita kwawo, komwe alongo ake ankamulandira. M'tauni mulibe mudzi wobwererako. Chomwe chimalankhula ndi chikalata. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limapatsa mayi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu yemwe adali wa onse awiri banja likatha. Lamulo la maukwati la 2015 limauza khoti kuti pogawa katundu liganizire zomwe aliyense adaikapo, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Malamulowa ndi abwino, koma kukhoti amafuna umboni, ndipo ine ndidalibe lisiti ngakhale imodzi ya malata omwe ndidagula. Amayi ambiri amavutika kuposa ine: adathira ndalama za geni ndi za banki m'khonde m'nyumba yomwe ili m'dzina la bambo okha. Inu amene mudakali m'banja, kulembetsa nyumba m'maina awiri si kulosera tsoka, monganso kulemba wilo si kuitana imfa.

Ine mu 2024 ndidagula kapoloti kakang'ono kunja kwa mzinda, nditayenda maulendo asanu kukatsimikiza mapepala. Kali m'dzina langa, ndipo ndidalemba wilo yoti kadzakhale ka mwana wanga. Ndikapeza ganyu yabwino ndimagula mabuloko pang'ono. Zipinda ziwiri basi. Amalume adakaona n'kupukusa mutu, ati n'kochepa ngati khola la nkhunda. Ndidawayankha kuti: "Amalume, nkhunda yake ndi imodzi."

Loweruka lina mwana wanga, yemwe ali ndi zaka 8, adabwera kudzacheza ku Area 12. Adayang'ana kanyumba kanga, adayang'ana chinyumba cha kutsogolo, n'kufunsa: "Adadi, kuno ndi kwanu kapena kwa agogo aja?" Ndidamuuza kuti nyumba ndi ya agogo aja, koma pomwe pali bedi lake ndi mswachi wake ndi kwathu. Adaganiza pang'ono, kenaka adafunsa ngati kunyumba yatsopano kudzakhale mtengo wa mango. Sabata yotsatira ndidakabzala.

Kwa inu nonse amene mwangotuluka m'banja ndi sutikesi m'manja, dalaivala akakufunsani kokhotera musachite mantha kunena kuti "kulendi". Oseka adzatopa, koma ngongole ndi zipupa zosatha sizitopa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, bola podekhapo maso akhale pa mapepala ndi pa Kwacha.